Amene mukudziwa dera la kuseri kwa siteshoni pa Nsanje boma tandithandizeni

MlendoPaChigwa

Moni nonse am'gulu muno. Ine kwathu ndi ku Ntcheu koma ndakulira ku Chilomoni, ndiye mwezi wathawu andipatsa thiransifa yopita ku Nsanje, ntchito yake ya uphunzitsi. Loweruka lapitali ndinatsika kukaona nyumba, mnzanga anandipezera ya zipinda ziwiri kuseri kwa siteshoni yakale ya sitima, mbali yolowera ku mtsinje. Nyumbayo siyoipa ayi, njerwa zootcha, khonde lalikulu, pabwalo pali mtengo wa nimu ndi wa bwemba, lendi yakenso ukayerekeza ndi ya ku Blantyre ndi yoseketsa. Koma pali zimene zandisowetsa mtendere. Makoma ake m'katimo ali ndi kamzere kabulauni kozungulira nyumba yonse kufika cha m'mawondomu, landilodi nditamufunsa anangoti aaa imeneyo ndi penti yakale nkuyamba kundionetsa bafa. China, deralo likuoneka ngati kale linali tauni yeniyeni, nyumba zina zakalekale za makonde aatali, masitolo otseka, njanji mbuzi zikugonapo, ndiye agogo ena amene anandigulitsa masau ankangoti kuno ku Port Herald kuno ku Port Herald ngati kuti dzinalo silinasinthe. Ndikufuna ndidziwe, malo amenewa mbiri yake ndi yotani, ndipo moyo wake umakhala bwanji munthu ukakhala ndi mkazi ndi mwana wa zaka 3? Ndisanapereke ndalama ya miyezi itatu ndimve kaye kwa eni dera. Osandinamiza chonde, za kutentha ndamva kale kkkk

Mbuya_wa_Njanji

Aphunzitsi takulandirani ku chigwa. Ine ndinabadwira dera lomwe mukunenalo, bambo anga ankagwira ntchito ya panjanji, anali wa gulu lokonza njanji lija loyenda ndi kangolo kokankha, ndiye zimene ndikuuzeni zina ndinaona ndi maso zina ndinamva kwa iwo.

Kuti mumvetse deralo yambani ndi mtsinje. Azungu asanamange njanji katundu yense wolowa m'dziko muno ankabwera pa madzi, kuchokera ku Chinde kunyanja ya mchere, kukwera Zambezi, kulowa Shire. Poyamba njanji ankati iyambire pa Chiromo koma madzi a Shire anayamba kuchepa masitima apamadzi nkumakanika kufika kumeneko, ndiye anaitsitsa mpaka kuno. Mu 1908 sitima inayamba kuyenda kuchoka pa Port Herald kukafika Blantyre. Ganizirani, nthawi imeneyo Lilongwe kulibe njanji, ife kuno sitima ikulira. Kenako anaipitiriza kumwera mpaka pa Chindio m'mbali mwa Zambezi, ndipo mu 1935 atamaliza mlatho wa Dona Ana uja wa pakati pa Mutarara ndi Sena, munthu unkatha kukwera pano osatsikanso mpaka ku Beira. Ndiye dera lanulo linali khomo la dziko, aliyense wolowa kapena kutuluka amadutsa pakhomo panupo. Dzina la Nsanje labwera ufulu utabwera, koma agogo ngati amene anakugulitsani masau aja musalimbane nawo, iwo anakulira mu Port Herald ndipo adzafera momwemo.

Masitolo otseka mwawaonawo ambiri anali a amwenye. Kuno kunkalimidwa thonje kwambiri, nthawi yogulitsa thonje ndalama zimayenda, anthu ochokera kwa Tengani, kwa Ndamera, kumapiri ku Chididi ndi ku Lulwe onse amatsikira pa boma kudzagula nsalu, mchere, makasu, mapoto. M'ma 1970 boma la Kamuzu linalamula kuti amwenye achoke m'matauni ang'onoang'ono akachite malonda m'mizinda ikuluikulu, ndiye masitolo aja anagwera m'manja mwa anthu akuda, ena anawayendetsa bwino ena ayi, ena anangosanduka nyumba zogona.

Chimene ndimakumbukira ine kwambiri ndi tsiku la sitima. Tisanaione nkomwe tinkagona pansi kuika khutu pa njanji kuti timve ngati ikubwera, njanji yake yotentha ngati chiwaya, khutu kupsa koma osasiya. Amayi anga ankakazinga mlamba ndi kuphika mbatata nkuika m'lichero, ine ntchito yanga inali kunyamula ndowa ya madzi ndi kapu imodzi yachitsulo, kapu yomweyo sitima yonse imwere, palibe ankafunsa za matenda. Sitima ikaima aliyense kukuwa, manja kutuluka m'mawindo, wina watenga nsomba ndalama sanapereke sitima yanyamuka ndiye uzithamanga nayo m'mbali mpaka aponye khobidi pansi. Ndalama ya fizi yanga inachokera pamenepo.

Kufa kwa deralo sikunabwere tsiku limodzi. Mu 1970 anatsegula njanji ya ku Nacala, katundu wina nkuyamba kudzera uko. Kenako nkhondo ya ku Mozambique ya Frelimo ndi Renamo inatseka njira ya ku Beira m'ma 1980, sitima nkumathera konkuno. Chomaliza chinali 1997 pamene madzi anakokolola njanji pa Chiromo, pakati pa Bangula ndi Makhanga, basi kuchokera pamenepo sitima ya ku Limbe inkangothera pa Makhanga tsidya lija, ife kuno tinatsala ndi zitsulo. Mabanja a panjanji anabalalika, ena ku Limbe ena kumudzi. Bambo anga mpaka kumwalira kwawo ankadzukabe m'mamawa kukayenda pa njanji kuona ngati mabawuti ali bwino, amayi ankawaseka kuti mukulondera mbuzi kodi.

Za kamzere ka pakhoma ndisiyire ena akuuzeni koma penti imeneyo sagulitsa m'sitolo.

Nyamasau

Kkkkkk penti yakale eti!! Achimwene amenewo ndi madzi, musalole kupusitsidwa. Ine ndimakhala chakufupi komweko chaka cha 11 tsopano, ndimagulitsa nsomba ndi tomato mumsika. Funsani landilodi wanuyo mwachindunji kuti mzerewo ndi wa chaka chiti, 2015, 2019 nthawi ya Idai, 2022 nthawi ya Ana ndi Gombe, kapena wa Freddy 2023. Ngati ndi wa Freddy yekha ndiye nyumbayo ili pabwino chifukwa Freddy sanasankhe, analowa ndi mmene simunalowepo madzi chiyambire. Koma mukaona mizere iwiri itatu wina pamwamba pa unzake thawani. Ndipo musamangoyang'ana ku Shire kokha, anthu obwera amalakwitsa pamenepo, Shire amadzaza pang'onopang'ono mumamuona akubwera, oopsa ndi timitsinje totsika m'mapiri a kumadzuloku, chilimwe chonse ndi mchenga okhaokha ana amaseweramo mpira koma mvula ikagwa kumtunda usiku, kuno ngakhale dontho osagwa, mumangomva phokoso ngati lole. Ine usiku wa Freddy ndinadzidzimuka nditaponda m'madzi potsika pa bedi, mbale zikuyandama, nkhuku zili pamwamba pa kabati, chimene ndinayamba kunyamula ndi thumba la mapira osati mwana, mpaka lero apongozi anga amandinena nazo.

Langizo langa, yang'anani maziko a nyumba ngati ali okwera, masitepe atatu anayi pakhonde ndi bwino. Yang'ananinso chimbudzi, chikakhala chokumba pamalo otsika chimayamba kugwa ndi chimenecho. Masatifiketi anu ndi mabuku a ana asukulu muziika m'chigubu chotseka pamwamba, kuyambira Disembala mpaka Malichi.

Tsopano za moyo wa tsiku ndi tsiku. Mwati za kutentha mwamva kale koma kumva ndi kwina achimwene. Okutobala ndi Novembala kumadutsa 40, malata amalira okha masana, sopo amasungunuka pawindo. Nyumba imeneyo muzigonamo miyezi yozizira, miyezi yotentha aliyense amagona panja, mkeka pabwalo, neti kumangirira ku mtengo wa nimu wanuwo, ndiye mtengowo ndi chipinda chachitatu musaudule. Usiku dera lonse limakhala panja, mumamva nkhani za nyumba yachitatu, amene akukangana, amene akupemphera, amene wailesi yake ili pa Nyanthepa, palibe chinsinsi kuno. Neti musaseweretse makamaka kwa mwanayo, udzudzu wa ku madambo a Ndindi si wa masewera. Ntchito zonse zolemetsa timagwira 4 koloko m'mawa, ikamakwana 10 aliyense ali pamthunzi, mukaona munthu akuyenda 1 koloko masana opanda chipewa ndi mlendo ameneyo.

Madzi a m'mijigo ina ndi amchere, tiyi wake sakoma ndipo sopo sachita thovu, ndiye funsani anzanu oyandikana nawo kuti akumwa amatunga kuti, aliyense amadziwa mjigo wokoma. Mayi a kunyumba asamapite kukachapa ku Shire ngakhale aone ena akupita, ng'ona za kuno zimadziwa malo amene anthu amazolowera, eni dera amadziwa poima, mlendo sadziwa.

Koma kudya ndiye mudya. Makakana, mlamba wowamba, dowe amene ena amamuopa poyamba chifukwa amaoneka ngati njoka koma mukalawa mudzandifuna. Madzi akaphwa anthu amatsikira ku dimba, ndiye nthawi imene kwanu ku Ntcheu kuli mbee kuno tikudya chimanga chachiwisi, mbatata, nyemba, maungu. Nsima ya mapira ndi ya mchewere muyiphunzire, imakhalitsa m'mimba. Mwana wanuyo pakatha chaka adzakhala akuyankha m'Chisena kuti pyadidi, takhuta, inu muli kakasi.

Kabaza_47

Aphunzitsi musaope bwerani, azimayiwa akuonjeza. Madzi amabwera nkupita, ife tilipobe. Mukatsika minibasi pa depoti mudzangofunsa anyamata a kabaza kuti kuseri kwa siteshoni, aliyense akudziwa, katundu tidzakunyamulirani ngakhale bedi pa njinga imatheka. Chimodzi chokha, matayala a njinga kuno amaphulika okha ndi dzuwa ndiye mukagula yanu musamapope kwambiri. Komanso ng'ombe ndi mbuzi zili ndi ufulu wonse pamsewu, mukagunda mbuzi mwini wake amatulukira pomwepo ngakhale panalibe munthu. Za dzina lija anzanu akumtunda azikusekani kuti mwapita kwa anthu ansanje, muziwayankha kuti nsanje yake ndi ya nsomba zimene iwo amagula zouma ife tikudya zaziwisi kkk

MwanaWaPaDoko

Mbuya mwafotokoza bwino za njanji koma mwadumpha chinthu chimene kwa ine ndi chimene chinapanga deralo mmene lilili lero, nkhani ya othawa nkhondo. Ndipo pena sindigwirizana nanu mukamati deralo linafa. Linafa kwa anthu a panjanji, kwa ena linangosintha.

Cha m'ma 1986 nkhondo itavuta tsidya lija anthu anawoloka ambirimbiri, ena pa mwadiya ena wapansi kudzera ku Marka, mpaka inafika nthawi yoti m'boma la Nsanje othawa kwawo anachuluka kuposa eni dziko. Makampu akuluakulu anali ku Mankhokwe ndi ku Nyamithuthu, koma si onse analowa m'kampu, ambiri anali ndi abale konkuno chifukwa Asena a tsidya lino ndi a tsidya lija ndi amodzi, malire anaika ndi azungu. Amayi anga ndi mmodzi wa iwo, anachokera cha ku Mutarara ali mtsikana atasenza mtolo umodzi ndi mphika, anafikira kwa azakhali awo kuseri kwa siteshoni komweko, khumbi lawo linali pomwe pano pali chigayo. Mtendere utasainidwa mu 1992 ambiri anabwerera koma ena anali atakwatiwa, ena atayamba geni, ndiye anatsala. Nchifukwa chake m'dera lanulo aphunzitsi mudzamva Chisena, Chimang'anja, Chichewa cha kusukulu ndi mawu a Chipwitikizi m'chiganizo chimodzi, ndipo maliro akachitika tsidya lija theka la dera limawoloka. Mukaima pabwalo panu kuyang'ana kumwera chakum'mawa, phiri lalikulu mukulionalo ndi Morrumbala, limenelo ndi la ku Mozambique, tsidya la mtsinje basi ndi dziko lina. Zitenje, mafuta ophikira, sipageti, zambiri mumsikamo zimachokera konko, chimanga chikavuta kuno chimawoloka kuchokera uko, chikavuta uko chimachoka kuno. Deralo limapumira kumeneko osati ku Blantyre.

Ndiye pali nkhani ya doko, imene aliyense wa kuno amaseka nayo koma mkati zimawawa. Okutobala 2010 Bingu anabwera kudzatsegula Nsanje World Inland Port, Mugabe analipo, Rupiah Banda wa ku Zambia analipo, ine ndinali fomu 2 tinaima padzuwa kuyambira m'mawa titanyamula timbendera. Ankati masitima azichoka pano kudzera Shire ndi Zambezi mpaka ku Chinde, mtunda wa makilomita 238, Nsanje ikhala mzinda, kubwera bwalo la ndege, mahotela. Baji, sitima yapamadzi ya katundu, imene tinkadikira tsiku limenelo, yonyamula feteleza, inagwidwa ku Mozambique, boma la kumeneko linkati kafukufuku wa zachilengedwe achitike kaye. Sinafike. Koma zimene zinachitika m'dera lathu miyezi imeneyo, anthu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe anakhamukira kuno kugula mapuloti, mitengo inakwera kawiri katatu, amalume anga anagulitsa malo awo nkugula njinga yamoto ndi wailesi ya mabazuka, wogulayo anathira maziko nkusowa mpaka lero. Mukamayenda muona maziko ambiri otere omera zitsamba, ena ana amaseweramo, ena anthu amayanikapo mapira. Pa doko penipenipo pali khoma la simenti lalitali bwino, asodzi amakocheza mabwato, achinyamata amakajambulitsa zithunzi za pa Facebook, madzulo kamphepo kake ndi kabwino mukapiteko ndi mayi.

Panopa akukonzanso njanji kuchokera ku Marka kulowera ku Bangula, ndiye nkhani zayambiranso zoti malo akwera, landilodi wanuyo mwina wayamba kale kuwerengera. Ine ndinasiya kuwombera m'manja zinthu ndisanazione, sitima ikadzaima pa siteshoni ndi anthu m'katimo ndidzakhulupirira. Ngati mungathe gwirizanani lendi ya chaka chonse polemba, kuti mluzu ukadzalira asadzakukwezereni pakati pa chaka.

Mbuya_wa_Njanji

Mwana wanga wanena zoona, za othawa nkhondo ndinadumpha, ndipo mwina amayi ako ndikuwadziwa chifukwa pa chigayo paja ndinkadutsa tsiku lililonse. Koma ndikamati linafa ndikunena kuti mwana wa lero sadziwa kuti ukhoza kudzuka pa Nsanje nkukagona ku Beira pa tikiti imodzi. Aphunzitsi poti muli ndi ana m'kalasi, muziwauzako zimenezi, muziwatengako kukaona siteshoni. Muwauzenso kuti anthu a kuno si ogonja ngati mmene amatijambulira pa TV nthawi ya madzi titanyamula mabulangeti. M'ma 1950 atsamunda atakakamiza anthu kulima mizere, makolo athu anakana, nthaka ya kuno ndi ya fulati ndipo iwo ankadziwa malimidwe awo, mpaka nkhaniyo inatchedwa nkhondo ya mitumbira. Ndipo mukadzakhazikika mupite ku Khulubvi kumwera kwa boma, ku kachisi wa Mbona, koma osangolowa ngati mukupita ku msika, mumayamba mwapempha kwa eni ake, nsapato mumavula, ndipo adzakuuzani okha zovala zoyenera. Kaya ndinu wa mpingo wanji, kuno ngakhale mkulu wa mpingo mvula ikachedwa amafunsa mwakachetechete ngati ku Khulubvi apitako.

Mukafika mukaonekere kwa a mfumu a mudzi, ngakhale pali pa boma dera limenelo lili pansi pa mafumu, kwa Malemia. Maliro akachitika pafupi musatseke chitseko nkumati ndine mlendo, pitani mukakhale pansi ndi amuna anzanu ngakhale ola limodzi, mayi akathandize kumoto. Tsiku limene madzi adzalowe m'nyumba mwanu usiku, amene adzabwere ndi tochi kudzanyamula mwana wanu ndi omwewo.

MlendoPaChigwa

Zikomo kwambiri nonse, kapena nditi takhuta, ndayamba kale kuphunzira. Ndamuimbira landilodi madzulo ano ndamufunsa mmene munanenera achemwali a Nyamasau, poyamba amazemba kenako waseka nkuvomera kuti ndi Freddy, akuti 2015 madzi anathera pa sitepe yachiwiri sanalowe. Mnzanga uja ndamutuma akafunsenso kwa oyandikana nawo padera kuti ndimve ngati nkhani zikufanana, ayang'anenso kuseri kwa kabati ngati kulibe mzere wina. Masitepe ndinawerenga ndi atatu. Za lendi ya chaka polemba ndamuuza, wati tikambirana ndikafika, mawu ake amamveka ngati sanasangalale nazo kkk. Mayi akunyumba nkhani ya ng'ona ndi yogona panja sindinawauze kaye, ndangowauza za nsomba ndi chimanga chachiwisi cha mu Ogasiti. Mbuya ndikadzafika ndikufuna mudzandiyendetse pa siteshoni paja mundionetse pamene amayi anu ankaima ndi lichero, mwina tidzatenge ndi ana a sitandade 7.

Nyamasau

Auzeni lero lomwe za kugona panja achimwene, asadzatulukire okha mu Okutobala mudzasowa pothawira. Ndipo fani mugule konko ku Limbe musanatsike Thabwa, kuno ikafika nthawi yotentha amakweza mtengo. Mukadzabwera mumsika mufunse mayi wa makakana wa pafupi ndi ogulitsa mchere, mulu woyamba ndidzakuikirani basera, wachiwiri mulipira ngati wina aliyense.

Kabaza_47

Lachingati mukufika aphunzitsi? Mundiuze nthawi, minibasi za ku Blantyre zimachedwa pa Nchalo ndi pa Ngabu kudikira anthu ndiye musanene 12 koloko, nenani kuti madzulo basi.